Timabokosi ta magiya timene timayendetsa makina oyanikira udzu

Udzu umene wangotchetchedwa kumene umakhala madzi okhaokha. Pa makilogalamu 100 alionse a udzu wauwisi, pafupifupi 75 kapena 80 ndi madzi, ndipo kuti udzuwo umangidwe n'kusungidwa ngati chakudya cha ziweto, madziwo ayenera kutsika kufika cha m'ma 15. Ukamangidwa usanaume umachita nkhungu, umatentha m'kati, ndipo nthawi zina mulu wonse umayaka wokha. Tsono makina otchetchera amasiya udzu uli m'mizere yothithikana: wapamwamba ukuuma ndi dzuwa, wapansi uli chinyowere. Apa m'pamene pamabwera makina otchedwa teda, amene amatola udzuwo, kuumwaza ndi kuutembenuza kuti mphepo ndi dzuwa zifike ponseponse.

Teda ya masiku ano ili ndi mtanda wachitsulo wopingasa kumbuyo kwa thirakitala, ndipo kunsi kwa mtandawo kuli zozungulira zimene amakaniko amati marota. Rota iliyonse ili ndi mikono 5, 6 kapena 7, ndipo kunsonga kwa mkono uliwonse kuli zala ziwiri zachitsulo cha sipuling'i. Pansi pa rota pali tayala laling'ono loti izitsatira kukwera ndi kutsika kwa nthaka. Kapangidwe kameneka kanafala kuchokera ku Germany kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, kampani ya Fahr itayamba kupanga makina otere ambirimbiri. Lero alipo a marota awiri okha, ndipo alipo a marota 16 otambalala mamita 17.

Teda ikamagwira ntchito, maso amathamangira ku zala ndi udzu umene ukuuluka kumbuyo. Koma pamwamba pa rota iliyonse pali kabokosi kachitsulo, ndipo pakati pa mtanda pali bokosi lina lokulirapo. Amenewa ndiwo magiyabokosi. Chimene ndikufuna kuti chimveke bwino ndi ichi: teda si makina olemetsa thirakitala. Kumwaza udzu sikufanana ndi kung'amba nthaka. Magiyabokosi ake safa ndi kulemera kwa ntchito. Amafa ndi kugunda kwadzidzidzi, kuuma kwa mano, ndi kusokonekera kwa kayendedwe ka marota. Kuti timvetse chifukwa chake, tiyenera kutsatira mphamvu kuchokera pamene imatulukira m'thirakitala mpaka pansonga ya chala.

Ulendo wa mphamvu

Kumbuyo kwa thirakitala kuli kachitsulo kozungulira kotchedwa PTO, kamene kamapereka mphamvu ya injini ku chida chomangidwa kumbuyoko. Kampani ya International Harvester inayamba kugulitsa mathirakitala okhala nako mu 1918, ndipo patapita zaka opanga makina anagwirizana za muyezo umodzi kuti chida cha kampani ina chizilowa pa thirakitala ya kampani ina. Muyezo wofala ndi wa maulendo 540 pa mphindi, pa shafti yonenepa mamilimita 35 yokhala ndi mizere 6. Palinso wa maulendo 1000 pa mphindi, wa mizere 21, umene umagwiritsidwa ntchito pa zida zofuna mphamvu zambiri. Mateda ambiri ndi a 540. Mukaima kumbuyo kwa thirakitala n'kuyang'ana kutsogolo, PTO imazungulira ngati mivi ya wotchi.

Pali zinthu ziwiri zimene sizikugwirizana ndi zofuna za rota. Choyamba, shafti ya PTO yagona motsata kumene thirakitala ikulowera, pamene rota imazungulira pa msana woimirira. Chachiwiri, maulendo 540 ndi liwiro lalikulu kwambiri kwa rota. Marota ambiri amazungulira maulendo apakati pa 150 ndi 200 pa mphindi. Choncho mphamvu iyenera kukhota ndiponso kuchepa liwiro, ndipo imakhota kawiri.

Kukhota koyamba kumachitikira m'giyabokosi yapakati. Shafti yochokera ku thirakitala imalowa kutsogolo, ndipo m'kati muli magiya awiri a mano osemedwa mopendekera, ooneka ngati nsonga za mapensulo awiri zogundana. Magiya oterewa amatembenuza kuzungulira ndi madigiri 90. Mphamvu imatuluka m'mbali zonse ziwiri, kumanja ndi kumanzere, n'kuyenda m'shafti yaitali imene imadutsa m'kati mwa mtanda. Kukhota kwachiwiri kumachitikira pa rota iliyonse. Pa shafti yopingasa ija pamakhala kagiya kakang'ono, kotchedwa pinyoni, kamene kamaluma giya yaikulu yogona chafufumimba kapena chagada yooneka ngati chisoti. Giya yaikuluyi ndi imene yamangiriridwa ku mbale yonyamula mikono. Msana wapakati wa rota suzungulira ayi. Umangoima nji, kunyamula tayala pansi, ndipo rota imazungulira mouzinga pa maberingi.

Kutsitsa liwiro kumagawidwa pakati pa malo awiriwa, ndipo kampani iliyonse imagawa mwa njira yake. Masamu ake ndi osavuta. Pinyoni ya mano 15 ikamayendetsa giya ya mano 45, imazungulira katatu kuti yaikuluyo izungulire kamodzi. Liwiro likatsika katatu, mphamvu yopotokola imakwera katatu, kupatula pang'ono pamene pamatayika m'kukhuzana kwa zitsulo. Tiyerekeze teda ya marota 6 imene ikutenga makilowati 15 ku thirakitala. Mphamvu yopotokola timaipeza pochulukitsa makilowati ndi 9550 n'kugawa ndi maulendo a pa mphindi, ndiye pa PTO ya 540 pali pafupifupi 265 Nm (manyutoni-mita, muyezo wa mphamvu yopotokola). Rota iliyonse ikulandira makilowati 2.5, ndipo ngati ikuzungulira maulendo 180 pa mphindi, pa giya yake yaikulu pali pafupifupi 133 Nm. Imeneyi si mphamvu yoopsa. Munthu wokhala ndi sipanala yaitali amatha kuifikitsa pomanga mabawuti a tayala la galimoto.

Koma onani liwiro la kunsonga. Ngati rota ili yotambalala mita imodzi ndi theka, chala chimayenda mamita 4.7 pa ulendo umodzi, ndipo maulendo atatu pa sekondi akutanthauza mamita 14 pa sekondi, kapena kuti makilomita 50 pa ola. Chala chothamanga chonchi chikagunda chitsa, mwala kapena chulu, rota yonse imafuna kuima nthawi yomweyo, pamene thirakitala ndi marota ena onse akukankhabe. Kugunda konseko kumathera pa dzino limodzi kapena awiri amene alumana pa nthawiyo. M'chifukwa chake dzino limatha kuthyoka m'giyabokosi imene sinayambe yatenthapo ndi ntchito.

Marota amayenda ngati mano a giya imodzi

Apa ndi pamene pali mtima wa nkhani yonse, ndipo anthu ambiri amene amagula teda yakale amazindikira mochedwa. Marota oyandikana salekana patali. Njira ya zala za rota ina imalowa m'njira ya zala za inzake, kuti pasatsale mzere wa udzu wosatembenuzidwa pakati. Kuti mikono isagundane, marota oyandikana amazungulira mosemphana, ndipo mkono wa rota ina umadutsa m'mpata wa pakati pa mikono iwiri ya inzake, monga mmene zala za dzanja lamanja zimalowera m'mipata ya zala za dzanja lamanzere munthu akapinda manja.

Kusemphanaku amakupeza m'njira yosavuta koma yanzeru. Shafti yopingasa ndi imodzi ndipo imazungulira mbali imodzi, koma pa rota ina pinyoni imaluma giya yaikulu kumanja kwa msana, pa rota yotsatira imaluma kumanzere. Kungosintha mbali, rota imatembenuka. Marota awiriawiri amakokera udzu pakati pawo kutsogolo n'kuuponya kumbuyo, n'chifukwa chake chiwerengero cha marota chimakhala 2, 4, 6, 8, osati 3 kapena 5. Amapendekeranso kutsogolo pang'ono kuti zala zizikhudza udzu kutsogolo kokha, kumbuyo zizikwera n'kuumwaza m'mwamba.

Tsono mzere wonse wa marota uli ngati unyolo umodzi. Palibe lamba wotha kutsetsereka pakati pawo, ndipo sipayenera kukhala chilichonse chotsetsereka. Pa rota ya mikono 6, pakati pa mkono ndi mkono pali madigiri 60, choncho mkono wa rota yoyandikana uyenera kudutsa pakatikati, madigiri 30 kuchokera mbali iliyonse. Ngati giya yaikulu ili ndi mano 45, dzino limodzi ndi madigiri 8. Makaniko akabwezeretsa rota atasemphanitsa mano awiri okha, wadya kale madigiri 16 mwa 30 aja. Makina akamazungulira opanda udzu zonse zimaoneka bwino. Akalowa m'udzu wolemera, zala zimapindika, mikono imatsalira pang'ono, ndiye mumangomva kuti khwa khwa khwa, zitsulo zikumenyana.

Kusokonekeraku kumabweranso kokha. Pa mateda ambiri pinyoni imagwidwa pa shafti ndi pini yopyoza, nthawi zambiri ziwiri, ina m'kati mwa inzake. Pini ikaduka, rota imeneyo imaima kapena kutsalira, ndipo yoyandikana nayo imaimenya mosalekeza. Masekondi ochepa amakwana kupinda mikono ingapo. Woyendetsa akaona rota imodzi ikuchita ulesi, kapena akamva phokoso lachilendo, chinthu choyamba ndi kuzimitsa PTO, osati kutsitsa liwiro n'kumamvetsera.

Palinso kukhwepa kumene kumadza pang'onopang'ono. Giya iliyonse ili ndi kampata kakang'ono pakati pa mano, kofunikira kuti mafuta alowe ndiponso kuti zitsulo zikatentha zisamangane. Molumikizira mulimonse mulinso kampata. Timipatati timaphatikizana kuchokera pakati kupita kunja, choncho rota yakumapeto ndi imene imasewera kwambiri. Njira yoonera ndi yamanja: injini itazimitsidwa, wina agwire rota yapakati, inu mugwedeze yakumapeto uku ndi uku. Ngati nsonga ya mkono ikuyenda kwambiri rota yapakati isanasunthe, penapake padyeka. Mukamagwedeza rota iliyonse motsatana kuchokera pakati, mupeza pamene kuseweraku kwakulira mwadzidzidzi, ndipo pamenepo m'pamene pali vuto.

Katundu naye sagawanika mofanana. Pa teda ya marota 6, chigawo cha shafti chotuluka m'giyabokosi yapakati chimanyamula marota atatu a mbali imeneyo, chotsatira chimanyamula awiri, chomaliza imodzi. Ndiye molumikizira mwa pafupi ndi pakati ndimo mumatopa msanga, ngakhale chizindikiro chake chimaonekera kumapeto.

Teda yaikulu siingayende pamsewu itatambasuka, choncho mtanda wake uli ndi mahinji, ndipo mapiko amapindikira m'mwamba. Mahinjiwo amathandizanso kuti rota iliyonse izitsatira nthaka payokha. Shafti yodutsa m'kati iyenera kupindika nawo limodzi popanda kutaya malo ake. Akale ankagwiritsa ntchito majointi a mtanda awiriawiri, amene ndi zolumikizira zopindika zokhala ndi kachitsulo kooneka ngati chizindikiro cha + pakati. Makampani ena anapanga zolumikizira za zala zachitsulo zolowerana, zimene zimakhalabe zogwirana ngakhale phiko litapindika kwambiri: Kuhn amazitcha Digidrive, Krone amazitcha OctoLink chifukwa zili ndi zala 8, ndipo Claas amazitcha Permalink. Maina ndi osiyana koma cholinga ndi chimodzi, choti phiko likatsikanso pansi, mkono uliwonse ubwerere m'mpata wake.

Zimene zimatchinjiriza bokosi

Popeza pakati pa marota sipangakhale chotsetsereka, chitetezo chonse chimaikidwa patsogolo, pa shafti ya PTO, mphamvu isanalowe m'giyabokosi yapakati. Chikamasula, marota onse amaima pamodzi ndipo sasemphana.

Pa mateda ambiri pamakhala klatchi ya timapini tokankhidwa ndi masipuling'i, timene timalowa m'timaenje. Mphamvu ikapitirira muyezo, timapinito timadumpha ndipo klatchi imalira kuti kwe kwe kwe mokweza. Phokosoli ndi chenjezo, si chinthu chozolowera. Ikalira nthawi yaitali imatentha n'kudyeka, ndipo pambuyo pake imayamba kumasula ngakhale pa udzu wopepuka. Ena ali ndi klatchi ya mbale zothinana. Vuto lake limabwera makina akakhala miyezi yambiri osagwira ntchito: mbale zija zimachita dzimbiri n'kumatirirana, ndiye pa tsiku la ngozi sizitsetsereka. Nyengo isanayambe ndi bwino kumasula masipuling'i ake, kuilola itsetsereke pang'ono kuti dzimbiri lichoke, kenako n'kumanganso pa muyezo wa m'buku la makinawo. Mtundu wachitatu ndi bawuti yopangidwa dala kuti iziduka. Imeneyi ndiyo imavulaza magiyabokosi ambiri, osati chifukwa cha kapangidwe kake, koma chifukwa munthu akatopa n'kusinthasintha amaikapo bawuti yolimba kuposa yoyenera, mwina ya 10.9 pamene pamafunika ya 8.8. Malo ofooka sachoka m'makina. Amangosamuka kuchoka pa bawuti kupita pa dzino la giya.

Marota akathamanga amasunga mphamvu yambiri. Mukalumikiza PTO injini ili pamwamba, magiya amalandira chibakera chifukwa zitsulo zonsezo ziyenera kudzuka nthawi imodzi. Lumikizani injini ili pansi, kenako kwezani pang'onopang'ono. Pozimitsa zimakhalanso chimodzimodzi koma mobwerera. Mathirakitala ambiri atsopano ali ndi buleki ya PTO imene imaimitsa shafti msangamsanga, pamene marota akufunabe kuzungulira, ndiye mano amamenyana ndi kumsana kwake. Pofuna kupewa zimenezi pa shafti pamaikidwa kachida kolola kuti makina apitirize kuzungulira okha mpaka ataima, monga mmene tayala lakumbuyo la njinga limapitirira wopalasa atasiya kupalasa.

Shafti ya PTO yeniyeniyo ikhoza kupha giyabokosi m'njira ziwiri. Yoyamba ndi kutalika. Shaftiyi ili ndi mapaipi awiri olowerana kuti izitalika ndi kufupika makina akamakwera, kutsika kapena kukhota. Ikakhala yaitali mopitirira, pamafika pamene mapaipi afika pamapeto ndipo sangalowenso, ndiye mphamvu yonse ya haidiroliki kapena ya kukhota kwa thirakitala imakankha shafti yolowera m'giyabokosi ngati mtengo wogumulira khoma. Maberingi amaphwanyika, nthawi zina bokosi lenilenilo limang'aluka. Zimachitika kawirikawiri teda ikamangidwa ku thirakitala ina yosiyana ndi ya masiku onse, munthu osayeza. Ikafupika mopitirira nayonso imasolotoka. Mapaipi ayenera kulowerana osachepera gawo limodzi mwa magawo atatu a utali wake pamene atalikitsitsa.

Njira yachiwiri ndi kupindika. Jointi ya mtanda ikapindika siipereka liwiro lofanana: pa ulendo uliwonse imathamanga kawiri n'kuchedwa kawiri. Pa madigiri 30, liwiro lotuluka limatsika kufika pa 87 peresenti n'kukwera kufika pa 115 peresenti ya lolowa. Majointi awiri a kumapeto onse a shafti amathetsana vutoli ngati apindika mofanana ndiponso ngati mafoloko ake ali pa mzere umodzi. Akapindika mosiyana, monga pokhota kwambiri kumapeto kwa munda, kugwedezeka konseko kumalowa m'magiya, ndipo mumakumva m'mpando momwe. Mateda okokedwa nthawi zambiri amakhala ndi jointi yapadera yolola kukhota kwambiri popanda kugwedeza. Ndipo polankhula za shafti imeneyi sindingadumphe chinthu chimodzi: maulendo 540 pa mphindi ndi maulendo 9 pa sekondi. Malaya akakodwa, munthu sakhala ndi nthawi yoti achite chilichonse. Chotchinga chapulasitiki chiyenera kukhalapo, chathunthu, ndi tcheni chake chomangirira, ndipo palibe choyenera kukhudzidwa pa teda injini ikulira.

Kulakwitsa kwina koopsa ndi kuyendetsa teda ya 540 pa 1000, zimene n'zotheka pa mathirakitala osankhira liwiro la PTO ndi kandodo kapena batani. Liwiro limakwera pafupifupi kawiri, koma mphamvu yokokera mikono kunja imakwera kupitirira katatu, chifukwa imakula motsatira liwiro lochulukitsidwa ndi lokha. Zala zimathothoka n'kuuluka.

Mafuta

Tsegulani kabokosi ka rota kamene kafa, ndipo nthawi zambiri mupeza zofanana. M'makona muli girisi wambiri, wouma gwa, wosakanikirana ndi fumbi la udzu. Pakati, pamene giya imadutsa, pali ngalande yoyera mbee, ndipo mano ali owala ngati galasi, nsonga zake zitasongoka ngati mpeni. Girisi analimo, koma sankafika pa mano. Giya inangodzikumbira njira, n'kumukankhira kumbali, ndipo iye sanabwererenso.

Ichi n'chifukwa chake mtundu wa girisi si nkhani yaing'ono. Kulimba kwa girisi kumayezedwa pa muyezo wa NLGI, kuyambira 000 amene ali ngati mafuta ophikira mpaka 6 amene ali ngati sopo. Girisi wamba wa m'mpope wopopera maberingi ndi nambala 2. Mabokosi a marota otsekeka amafuna wofewa, kawirikawiri 0 kapena 00, amene amayenderera n'kubwerera pa mano giya ikadutsa. Opanga amasankha girisi wofewayu m'malo mwa oyilo chifukwa kabokosi ka rota kali ndi potulukira poyang'ana pansi, ndipo phiko likapindidwa kamagona cham'mbali kapena chadodolido. Oyilo akanapeza njira yotulukira n'kudonthera pa chakudya cha ziweto. Mateda ena akale ali ndi magiya osatsekeka kwenikweni, okhala ndi kansonga kopoperapo girisi, ndipo amenewa amafuna kupopera pafupipafupi, uku mukutembenuza rota ndi dzanja kuti girisi afike kuzungulira giya yonse. Ena atsopano anatsekedwa kufakitale ndipo safuna kuwonjezera. Buku la makina ndilo limanena kuti anu ndi ati.

Giyabokosi yapakati pa makina ambiri imasambira m'oyilo wa magiya, monga SAE 80W-90, amene ali ndi mankhwala othandiza kuti mano asakandane akapanikizana kwambiri. Pambali pa bokosi pamakhala kabawuti koonera mlingo, ndipo oyilo ayenera kufika pakamwa pa bowolo makina ataima mowongoka. Kudzaza mopitirira si chikondi: magiya amamupuntha oyilo mpaka kuchita thovu, bokosi limatentha, ndipo masili, timphira totseka mafuta mozungulira shafti, amayamba kutulutsa. Oyilo akaoneka woyererako ngati mkaka, mwalowa madzi. Madzi amalowa ndi mpope wotsukira wamphamvu ukalozetsedwa pa sili, komanso amadzipanga okha: bokosi lotentha likamazizira usiku limakoka mpweya wachinyezi, ndipo makina akakhala miyezi ingapo, madziwo amadikha pa maberingi n'kusiya timaenje ta dzimbiri. Ndi bwino kusintha oyilo wotere musanasunge makina, osati podzawatulutsa.

Mdani wina wa masili ndi udzu womwewo, makamaka wautali, ndi zingwe zomangira mabelo zotayika m'munda. Zimakulungika pa shafti kapena pansi pa rota, zimathina, zimatentha, ndipo pang'onopang'ono zimadzilowetsa pansi pa mlomo wa sili n'kuudula. Kuchotsa zokulungikazi ndi mpeni madzulo alionse ndi ntchito ya mphindi zochepa.

Pokonza ndi pogula ina

Magiya opendekerawa ali ndi khalidwe lofuna kukankhana. Akamalumana, mphamvu ina imawakankhira kunja motsata shafti, ndiye maberingi ake ayenera kugwira mbali ziwiri, ya kuzungulira ndi ya kukankha. Beringi ikayamba kukhwepa, giya imasuntha pang'ono, mano amayamba kulumana kunsonga m'malo mwa pakati, ndipo kudyeka kumafulumira. Mano amenewa anawotchedwa mwapadera kuti khungu lake likhale lolimba kwambiri pamene m'kati muli mofewerapo kuti asamathetheke. Khungulo ndi lopyapyala. Likangobooka, chitsulo chofewa cham'kati chimatha msanga, n'chifukwa chake giyabokosi imatha kulira pang'ono kwa nyengo yonse kenako n'kufa m'masana amodzi.

Posintha, pinyoni ndi giya yaikulu zimasinthidwa pamodzi. Giya yatsopano ikalumana ndi yakale yodyeka, imatengera chilema cha inzakeyo. Kenako pamabwera ntchito ya timawashala topyapyala timene timaikidwa kumbuyo kwa giya kapena beringi kuti isunthe pang'ono kulowa kapena kutuluka. Makaniko amapaka utoto wabuluu pa mano angapo, amazungulitsa magiya ndi dzanja uku akuwagwira pang'ono kuti alemere, n'kuyang'ana pamene utoto wachoka. Chidindo chabwino chimakhala pakati pa dzino, chopendekera pang'ono kumbali yopyapyala, chifukwa katundu akabwera chimafalikira kumbali yonenepa. Chikakhala kunsonga kapena kutsinde kwenikweni, amachotsa kawashala uku n'kuwonjezera uko, n'kuyesanso. Zimatenga nthawi, ndipo kuona maso a nkhono n'kudekha. Ine ndimaona kuti pamenepa m'pamene pamasiyana kukonza ndi kungobwezeretsa zitsulo m'bokosi.

Amene akugula giyabokosi yathunthu asakhutire ndi maonekedwe akunja. Makampani ambiri opanga mateda sapanga okha magiyabokosi ndi mashafti; amagula kwa akatswiri ake monga Comer Industries ndi Bondioli & Pavesi a ku Italy kapena Walterscheid ya ku Germany, ndipo bokosi limodzi lofanana kunja limatha kukhala ndi magiya osiyanasiyana m'kati. Chofunika kutsimikiza choyamba ndi chiwerengero cha maulendo: zungulitsani shafti yolowera ndi dzanja, werengani kuti yotulukira yazungulira kangati, kapena werengani mano a magiya akale. Kabokosi ka rota kosiyana ndi tinzake ngakhale ndi dzino limodzi sikangagwire ntchito, chifukwa rota imeneyo idzatsalira pang'ono pa ulendo uliwonse mpaka mikono itagundana. Chachiwiri ndi mbali yozungulira, popeza timabokosi ta kumanja ndi ta kumanzere timatha kufanana kunja. Giyabokosi yapakati ikamangidwa motembenuza, marota onse amazungulira chobwerera, kuponya udzu kutsogolo, ndipo zala zimakankhidwa mbali imene imamasula sipuling'i yake. Kenako muyang'ane mizere ya shafti, mabowo a mabawuti, ndi mphamvu yopotokola imene bokosilo linapangidwira, osati mahosipawa okha, chifukwa mahosipawa omwewo pa liwiro lotsika amatanthauza kupotokola kwakukulu.

Liwiro la marota limakhudzanso udzu weniweniwo. Ulendo woyamba, udzu uli wauwisi ndi wolemera, umafuna liwiro lokwanira kuti mibulu imwazike. Ukayamba kuuma, masamba amathetheka, makamaka a mbewu za mtundu wa nyemba monga lucerne ndi clover, ndipo m'masambamo ndimo muli chakudya chambiri chomanga thupi. Zala zothamanga makilomita 50 pa ola zimawapuntha n'kusiya mapesi okhaokha. Choncho pa maulendo otsatira woyendetsa amatsitsa PTO, mwina kufika cha m'ma 400 kapena kutsikirapo, n'kusankha giya ya thirakitala yoti liwiro loyendera lisatsike. Mateda ena ali ndi kagiyabokosi kowonjezera kokhala ndi polowera shafti pawiri. Mukasamutsira shafti pa polowera pachiwiri, marota amazungulira pang'onopang'ono kwambiri, ndipo m'malo momwaza amasonkhanitsa udzu m'timizere ting'onoting'ono. Alimi amachita zimenezi madzulo kuti mame asanyowetse udzu wonse ndiponso kuti nthaka ya pakati pa timizereto iume m'mawa, kenako n'kumwazanso dzuwa likakwera.

Musanamasule rota iliyonse, ikani chizindikiro cha penti pa mkono umodzi, pa mtanda pamene mkonowo waloza, ndi pa mkono wa rota yoyandikana nayo. Mukamaliza kumanga, musathamangire kuliza injini. Chotsani shafti ku thirakitala, kwezani makina kuti zala zisakhudze pansi, ndipo zungulitsani rota imodzi ndi dzanja. Marota onse ayenera kuyenda pamodzi, mopepuka, popanda pouma kapena pogogoda. Yendani m'mbali mwa mtanda kuchokera kumapeto ena mpaka ena, mukuyang'ana mpata uliwonse pamene marota awiri akumana, kuti muone mkono ukudutsa pakatikati pa mikono iwiri ya mnzake. Zungulitsani maulendo awiri athunthu, chifukwa mkono umodzi wopindika suonekera mpaka nthawi yake yodutsa itafika.